Kaseweredwe ka Omaha: Awiri a M'manja, Atatu a Patebulo

Anthu ambiri amafika patebulo la Omaha, mtundu wa masewera a makhadi a poker ogawa makhadi anayi m'manja, atazolowera kale Texas Hold'em, poker ya makhadi awiri m'manja, ndipo amadyedwa pa zinthu ziwiri zomwezomwezo. Choyamba ndi kuwerenga makhadi molakwa: munthu amatsegula makhadi ake pamapeto ali ndi chikhulupiriro chonse kuti wagwira flush (makhadi asanu a mtundu umodzi), wogawa n'kumuuza kuti alibe. Chachiwiri ndi kukankhira machipu (tizinthu toimira ndalama) onse pakati ndi makhadi amene mu Hold'em akanaopsa aliyense, koma mu Omaha amangothera pa nambala 2. Malangizo awa ndi a Pot-Limit Omaha, imene amaifupikitsa kuti PLO. Ndi mtundu wa Omaha umene umaseweredwa kwambiri m'makasino ndi pa intaneti, ndipo ku World Series of Poker ku Las Vegas uli ndi mpikisano wake waukulu wolowera ndi $10,000.

Zofunika musanayambe

- Paketi ya makhadi 52. Majoka achotseni.
- Osewera kuyambira 2 mpaka 10. Anthu 10 amatenga makhadi 40, kuwonjeza 5 a pakati ndi 3 otayidwa, onse 48, ndiye paketi imakwana. Pophunzira, anthu 5 kapena 6 ndiwo abwino.
- Machipu. Ngati mulibe, zitsekerero za mabotolo kapena nyemba zimagwira ntchito, bola mugwirizane mtengo wa chilichonse.
- Batani la wogawa, lomwe ndi kachinthu kalikonse kosonyeza amene akugawa ulendo umenewo.
- Pepala lolembapo mphamvu za makhadi, likhale poonekera kwa aliyense.

Mphamvuzo, kuchokera pamwamba: straight flush, yomwe ndi makhadi asanu otsatizana a mtundu umodzi, anayi ofanana nambala, full house, yomwe ndi atatu ofanana kuphatikiza peya (awiri ofanana nambala), flush, yomwe ndi asanu a mtundu umodzi, straight, yomwe ndi asanu otsatizana, atatu ofanana, mapeya awiri, peya imodzi, khadi lalikulu. Mitundu ndi inayi: sipedi ♠, mtima ♥, dayamondi ♦ ndi kilabu ♣, ndipo palibe mtundu woposa unzake.

Ndikulangiza kuti masiku oyamba musaikepo ndalama. Mu Omaha machipu amakwera ndi kutsika mofulumira kuposa mu Hold'em, ndipo ngakhale wosewera bwino amatha kudyedwa usiku wonse. Mukadzayamba za ndalama, dziikireni malire musanakhale pansi, ndipo zikhale ndalama zoti zikapita pakhomo sipagonedwa ndi njala. Ana osafika zaka 18 asakhale nawo patebulo la ndalama.

Sitepe 1: Ikani ma blind, kenako gawani

Ma blind ndi machipu amene osewera awiri ayenera kuika makhadi asanagawidwe. Amene wakhala kumanzere kwa batani amaika blind yaying'ono, womutsatira amaika blind yaikulu, yomwe kawirikawiri imakhala kuwirikiza kawiri yaying'onoyo. M'zitsanzo zonse pano tigwiritsa ntchito 100 ndi 200. Wogawa asakanize bwino, wina adule, kenako agawe khadi limodzilimodzi kuyambira kumanzere kwake mpaka aliyense akhale ndi anayi, ozondotsa. Ulendo ukatha, batani limasunthira munthu mmodzi kumanzere.

Chenjezo: werengani makhadi anu musanawayang'ane. Mukapezeka ndi atatu kapena asanu kubetcha kutayamba kale, m'makasino ambiri makhadi anu amafa ndipo zomwe munaika sizibwerera.

Sitepe 2: Tsatani magawo anayi a kubetcha

Gawo loyamba limachitika pakati pasanaikidwe khadi lililonse, ndipo amayamba ndi amene ali kumanzere kwa blind yaikulu. Kenako wogawa amataya khadi limodzi la pamwamba n'kutsegula atatu pakati: iyi ndi flop. Kubetcha kukatha amatayanso limodzi n'kutsegula lachinayi, turn. Pomaliza amatayanso limodzi n'kutsegula lachisanu, river. Kuyambira pa flop, woyamba kulankhula ndi amene watsala kumanzere kwa batani.

Nthawi yanu ikafika mutha kudutsa osaika kanthu ngati palibe wabetcha, kubetcha, kutsatira poika zofanana ndi zomwe wina waika, kukweza, kapena kutaya makhadi. Kukasino mudzamva akuti check, bet, call, raise ndi fold, ndipo mawu amene mwatulutsa pakamwa ndiwo amagwira, simungawabweze.

Sitepe 3: Awiri a m'manja, atatu a patebulo, nthawi zonse

Apa ndi pamene pagona masewera onse. Makhadi anu asanu opikisana nawo ayenera kukhala awiri ndendende ochokera m'manja mwanu ndi atatu ndendende ochokera patebulo. Limodzi la m'manja ndi anayi a patebulo sizitheka. Atatu a m'manja ndi awiri a patebulo sizithekanso. Kusewera asanu onse a patebulo, monga zimachitikira mu Hold'em, kuno kulibe.

Taonani mmene lamuloli limalumira.

Patebulo pali K♥ 9♥ 6♥ 2♥ J♣, inu mwagwira A♥ Q♠ Q♦ 8♣. Maso akuona mitima isanu, koma flush mulibe, chifukwa m'manja muli mtima umodzi wokha. Chomwe muli nacho ndi peya ya ma Q. Mnzanu wogwira 4♥ 3♥ wakudyani ndi flush yake yaying'onoyo.

Patebulo pali K K 7 7 2, inu mwagwira A K 10 5. Mu Hold'em imeneyi ndi full house. Kuno mutenga K ndi A m'manja, K K 7 patebulo, n'kukhala ndi ma K atatu basi. Kuti full house ipangike pamenepa mukufunika K ndi 7, K ndi 2, 7 ndi 2, kapena 2 ndi 2 m'manja.

Patebulo pali 8 8 8 Q 3, inu mwagwira A Q J 10. Q wanuyo sakupanga full house, chifukwa mukatenga ma 8 atatu, malo a makhadi a patebulo atha, ndipo awiri a m'manja mwanu si peya. Wogwira 4 4 ali ndi full house, wakuposani.

Patebulo pali 5 6 7 8 K, inu mwagwira 9 A A 2. Straight mulibe. Kuti 9 agwire ntchito akufunika mnzake m'manja, monga 10 kuti mupange 6 7 8 9 10, kapena 8 kuti mupange 5 6 7 8 9.

Njira yodzitetezera ndi iyi: nthawi iliyonse khadi latsopano likatseguka, tchulani mumtima makhadi awiri amene mukugwiritsa ntchito, kenako atatu a patebulo. Mukalephera kutchula awiriwo, ndiye kuti chomwe mukuganiza kuti muli nacho mulibe. Khalani nokha ndi paketi, gawani makhadi anayianayi kwa anthu asanu ongopeka, tsegulani asanu pakati, pezani wopambana. Bwerezani mpaka musiye kukayika.

Sitepe 4: Werengerani malire a poto

Mu PLO simungabetche kuposa kukula kwa poto, kutanthauza machipu onse amene ali pakati. Ngati palibe wabetcha m'gawo limenelo, n'zosavuta: poto ali 1,500, malire anu ndi 1,500.

Chimasokoneza ndi kukweza. Lamulo lake ndi lakuti mumayamba mwatsatira, kenako n'kuwonjezera zofanana ndi poto yense pamodzi ndi zomwe mwatsatira nazozo. Njira yachidule: chulukitsani beti yomaliza katatu, wonjezerani zina zonse zomwe zili pakati.

Ma blind ali 100 ndi 200, ndinu woyamba kukweza. Beti yomaliza ndi 200, katatu ndi 600, kuwonjeza 100 ya blind yaying'ono, malire ndi 700.

Pa flop poto ali 1,500. Woyamba wabetcha 1,000, wachiwiri watsatira 1,000, tsopano ndi inu. Beti yomaliza katatu ndi 3,000, kuwonjeza 1,000 ya woyamba uja ndi 1,500 ya poto, malire ndi 5,500.

Chenjezo: machipu amene inuyo munaika kale m'gawo lomwelo samalowa m'kuwonjezeraku. Muli pa blind yaikulu ya 200, wina wakweza kufika 700, wa blind yaying'ono wataya. Mutenga 700 katatu, 2,100, kuwonjeza 100 yake ija, zonse 2,200, ndipo 200 yanu ili kale mkati mwa 2,200 imeneyo. Masamu akakuzungulirani, ingonenani kuti "pot", wogawa awerengera. Kukweza kwakung'ono kololedwa ndi kofanana ndi beti kapena kukweza kumene kwangochitika.

Sitepe 5: Sankhani makhadi olowa nawo

Makhadi anayi amapanga magulu 6 a makhadi awiriawiri. Funso lofunika musanaike chipu ngakhale chimodzi ndi lakuti mwa magulu 6 amenewa ndi angati amene akugwirizana. Mu J 10 9 8 gulu lililonse lingathandize kupanga straight. Mu K Q J 4, khadi la 4 lapha magulu atatu, mwatsala ndi atatu okha, pomwe mnzanu akulimbana nanu ndi onse 6.

Olowa nawo molimba mtima ndi awa: ma A awiri okhala ndi anzawo othandiza, monga A♠ A♥ K♠ K♥ kapena A♠ A♦ J♠ 10♦, makhadi anayi akuluakulu otsatizana monga K Q J 10 kapena Q J 10 9, mapeya awiri akuluakulu oyandikana monga K K Q Q, komanso A wokhala ndi mnzake wa mtundu umodzi pamodzi ndi ena otsatizana, monga A♣ 10♣ 9♦ 8♦. Makhadi akakhala awiri a mtundu umodzi ndi awiri a mtundu wina, mphamvu imakwera, chifukwa muli ndi njira ziwiri zopangira flush.

Pali ena amene ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ma K atatu m'manja ndi peya chabe, ndipo K wachitatuyo mwamuchotsa nokha m'paketi, kotero kwatsala mmodzi yekha woti akuthandizeni patebulo. Makhadi anayi a mtundu umodzi nawonso amanyenga: A♥ 7♥ 5♥ 2♥ pa flop ya mitima iwiri yatsala ndi mitima 7 yokha yoti ibwere, pomwe wogwira mitima iwiri yokha akanadikira 9. Mapeya ang'onoang'ono monga 4 4 kapena 3 3 amapanga atatu ofanana amene nthawi zambiri amakumana ndi atatu akuluakulu. Makhadi ang'onoang'ono otsatizana monga 6 5 4 3 amapanga straight ya m'munsi.

Za ma A awiri tinenepo pang'ono. Mu Hold'em, A A imaposa K K pafupifupi maulendo 4 mwa 5 aliwonse. Mu Omaha, A A yokhala ndi makhadi ena awiri ikakumana ndi makhadi anayi otsatizana bwino, mwayi wake umatsikira cha pa maulendo 3 mwa 5. Ngati mungathe kulowetsa machipu anu ambiri flop isanatseguke, kwezani. Koma ngati mwangoika gawo lochepa ndipo flop yabwera 9 8 7 anthu atatu ali mkati, ma A anuwo ndi peya imodzi chabe, ndipo peya imodzi mu Omaha sipita patali.

Sitepe 6: Yang'anani pamene mwakhala

Wolankhula pomaliza amaona zomwe ena achita asanasankhe zake. Mu PLO phindu limeneli ndi lalikulu kwambiri chifukwa iye ndi amene amalamula kukula kwa poto: akafuna khadi laulere amadutsa, akafuna poto wamkulu amakweza. Mukakhala pa batani kapena pafupi nalo kumanja, mutha kulowa ndi makhadi ochulukirapo. Mukakhala woyambirira kulankhula kapena pa ma blind, lowani ndi abwino okhaokha. Kuti munaika kale 200 ya blind si chifukwa chotsatirira 700 ndi makhadi osagwirizana.

Sitepe 7: Pa flop, pezani kaye makhadi osagonjetseka

Musanayang'anenso makhadi anu, dzifunseni kuti pa makhadi ali patebulowa, ndi awiri ati amene palibe angawapose. Osewera amawatchula kuti nuts. Patebulo la anthu 6 makhadi 24 ali m'manja mwa anthu, ndiye ndalama zambiri zikayamba kulowa pakati, kawirikawiri wina amakhala kuti wawagwira.

Amasinthasintha ndi khadi lililonse. Flop ndi K♠ 9♦ 4♣: pamwamba pali K K. Turn yabwera 10♦: tsopano pamwamba pali Q J, amene apanga 9 10 J Q K, ndipo ma K atatu aja atsika. River yabwera 4♥: patebulo papangika peya, straight ija yagwa, pamwamba pali 4 4 kenako K K.

Zizindikiro zitatu muzizisunga. Patebulo pakakhala peya, full house ndi yotheka, ndiye flush ndi straight yanu muzisamala nazo. Pakakhala makhadi atatu a mtundu umodzi, straight yataya mphamvu. Pakakhala makhadi atatu oyandikana nambala, atatu ofanana ndi mapeya awiri sizilinso pamwamba.

Chenjezo: mapeya awiri a m'munsi, monga 9 ndi 4 pa flop ya K 9 4, ndi msampha. Wina akakweza, kawirikawiri mwatsala kale, ndipo ngakhale full house itapangika imatha kukhala yaying'ono.

Sitepe 8: Werengani makhadi okupulumutsani, koma muwasefe

Makhadi amene akabwera angakupatseni chipambano amatchedwa ma out. Pa flop pali makhadi 45 amene simunawaone, pa turn 44.

Mu Omaha kudikira straight kumatha kukhala ndi ma out ambiri zedi. Izi amazitcha wrap. Titenge flop ya 9 8 2 ya mitundu yosiyana, tione anthu atatu.

Woyamba wagwira Q J 10 3. Amapanga straight kukabwera Q, J, 10 kapena 7. Ma Q atsala 3, ma J 3, ma 10 atatu, ma 7 anayi, onse 13, ndipo lililonse mwa amenewa limamupatsa straight yapamwamba kwambiri.

Wachiwiri wagwira 7 6 5 K. Nayenso ali ndi ma out 13: ma 10 anayi, ma 7 atatu, ma 6 atatu, ma 5 atatu. Koma ma 5 atatu okhawo ndiwo amamuika pamwamba. Kukabwera 7, iye ali ndi 5 6 7 8 9 pomwe woyamba uja ali ndi 7 8 9 10 J. Wapeza khadi limene amadikira, ndipo khadi lomwelo ndi limene limudyetse machipu onse.

Wachitatu wagwira J 10 7 6. Ali ndi ma out 20, omwe ndi ochuluka kwambiri amene wrap ingakhale nawo, koma 14 okha ndiwo omuika pamwamba: ma Q, ma 7, ma 6 ndi ma 5. Kukabwera J kapena 10, straight yake imagonja kwa wogwira Q ndi mnzake.

Kusiyana kwa woyamba ndi wachiwiri kumaphunzitsa zambiri za Omaha kuposa china chilichonse m'malangizo ano. Nambala ya ma out ndi yofanana, koma wina akudikira kudya, wina akudikira kudyedwa.

Sefaninso kachiwiri. Flop ija itakhala ndi mitima iwiri inu mulibe mitima, chotsani ma out onse amene ndi mitima, chifukwa akabwera amapangira wina flush. Ngati mukuganiza kuti mnzanu ali ndi atatu ofanana, kumbukirani kuti peya ikapangika patebulo straight yanu yatha ntchito.

Manambala othandiza ndi awa. Ndi ma out 9 pa flop, mwayi woti limodzi libwere pofika pa river ndi pafupifupi 36 pa 100. Ndi 13 ndi pafupifupi 50 pa 100. Ndi 20 ndi pafupifupi 70 pa 100. Pa turn kwatsala khadi limodzi lokha: ma out 9 ndi pafupifupi 20 pa 100, 13 ndi pafupifupi 30 pa 100, 15 ndi pafupifupi 34 pa 100.

Sitepe 9: Yerekezani mtengo ndi mwayi

Wina akabetcha poto yense, mumalipira gawo limodzi kuti mupikisanire magawo atatu. Poto ali 3,000, wabetcha 3,000, inu muika 3,000, onse pamodzi 9,000. Muyenera kupambana ulendo umodzi mwa atatu, 33 pa 100, kuti musaluze pakapita nthawi. Ndiye pa turn, ma out 9 a flush okha sakwanira kutsatira beti ya poto yense. Ngakhale 13 amaperewera pang'ono, pokhapokha mnzanuyo ali ndi machipu ambiri kumbuyo ndipo mukudziwa kuti adzalipira pa river. Akabetcha theka la poto, mukufunika 25 pa 100 yokha.

Mukakhala inu ndi amene muli pamwamba pa flop yowopsa, betchani kwambiri. Muli ndi K K pa flop ya K♠ 10♥ 9♥? Dziwani kuti Q J wakuposani kale, ndipo ena akudikira mitima. Pa flop ya K♠ 10♥ 4♥ ndinu amene muli pamwamba, ndipo kudutsa pofuna kukola anthu ndi kuwapatsa khadi laulere lokuphera nalo. Alipiritseni. Straight kapena flush ikapangika pa turn, ma K anu atatu akadali ndi ma out mpaka 10 opangira full house kapena anayi ofanana, pafupifupi 23 pa 100, omwe sakwanira beti ya poto yense.

Pali chinthu china chimene ongoyamba sachiona. Kukhala pamwamba pa flop si chilolezo chokankhira machipu onse pakati. Flop ndi 9♥ 8♥ 7♣. Inu mwagwira J♠ 10♦ 3♦ 2♠, straight yapamwamba. Mnzanu wagwira J♥ 10♣ Q♥ K♠, straight yomweyo. Panopa mukufanana. Koma mtima uliwonse ukabwera iye ali ndi flush, ndipo J kapena 10 akabwera ali ndi straight yokulirapo. Inu palibe khadi lokukwezani. Zabwino zimene zingakuchitikireni ndi kugawana poto, zoipa ndi kutaya zonse. Choncho mukakhala ndi straight yopanda chowonjezera, machipu ali ambiri kumbuyo ndipo mnzanu akungokwezabe, tsatirani chabe, muone turn kaye.

Za kunamiza, komwe ndi kubetcha ngati muli ndi makhadi amphamvu pomwe mulibe, yambani pang'onopang'ono. Njira yodziwika ndi yogwira A wa mtundu umene wapanga flush: patebulo pali masipedi atatu, inu muli ndi A♠ yekha. Flush mulibe, koma mukudziwa kuti palibe amene ali ndi yapamwamba. Beti yaikulu ingathamangitse wogwira flush yaying'ono. Imagwira ntchito kwa munthu mmodzi wodziwa kutaya makhadi. Kwa munthu amene amatsatira chilichonse, kapena kwa anthu atatu nthawi imodzi, mukungotaya machipu.

Sitepe 10: Kutsegula makhadi

Kubetcha kwa pa river kukatha, amene anabetcha kapena kukweza komaliza ndiye amayamba kuonetsa. Ngati onse anadutsa, amayamba amene ali kumanzere kwa batani. Yalani makhadi onse anayi patebulo, osati awiri okha amene mukuganiza kuti apambana. Makhadi amadzilankhulira okha: wogawa akaona straight imene inu simunaione, ndi yanu, bola makhadi ali poyera. Musawataye musanaone ndi maso anu kuti mwagonja. Awiri akafanana, amagawana poto pakati, ndipo khadi lachitatu kapena lachinayi la m'manja silithetsa kufananako.

Mukakumana ndi Omaha Hi-Lo

Funsani musanakhale kuti ndi Omaha iti. Mu Hi-Lo poto amagawidwa pawiri, theka kwa wamkulu, theka kwa wamng'ono. Mbali yaing'ono imafuna makhadi asanu osiyana nambala, onse 8 kapena kutsika, A akuwerengedwa ngati 1, ndipo lamulo la awiri ndi atatu likugwirabe. Yabwino kuposa zonse ndi A 2 3 4 5. Patebulo pakasowa makhadi atatu osiyana a 8 kutsika, mbali yaing'ono palibe ndipo wamkulu amatenga zonse. Mutha kugwiritsa ntchito awiri ena pa mbali yaikulu, awiri ena pa yaing'ono. Samalani ndi A 2 yopanda china: anthu awiri akakhala nayo amagawana theka lija, aliyense n'kutenga kota ya poto, yomwe nthawi zina imachepa kuposa zomwe anaika.

Zolakwa zomwe zimabwerezabwereza

Kulowa pafupifupi ulendo uliwonse. Pa makhadi anayi nthawi zonse mumaoneka kena kake, peya apa, mitundu yofanana apo. Ngati mukusewera maulendo oposa theka patebulo la anthu 6, mwachulutsa.

Kudikira flush yaing'ono. Mwagwira 8♣ 5♣, mwalipira pa flop, mwalipira pa turn, kilabu yabwera pa river, wina wabetcha poto yense. Tsopano simukudziwa choti muchite, ndipo mukatsatira mupeza A♣ kapena K♣. Pamene anthu ali ambiri mu poto, dikirani flush ya A. Ya K muziyenda nayo mosamala. Zotsika kuposa apo zikhale zongowonjezera pa china chimene muli nacho kale.

Kukakamira full house yaing'ono. Patebulo pali K K 5 9 2, inu muli ndi 5 5. Ndi full house ndithu, koma K 9, K 5, K 2 ndi 9 9 onse akuposani, osanena za K K. Munthu wodekha akakweza pa river pamenepa, ndi kawirikawiri kuti wagwira chimodzi mwa zimenezi.

Kukweza ndi ma A okha flop isanatseguke. Anzanu akazindikira kuti mumakweza kachiwiri pokhapokha muli ndi A A, adziwa awiri mwa makhadi anu anayi, ndipo flop iliyonse yopanda A adzakupanikizani. Kwezaninso ndi makhadi ngati K♠ Q♥ J♠ 10♥ kapena J♦ 10♣ 9♦ 8♣.

Kuiwala kuwerenganso tebulo pa turn ndi pa river. Munthu amapanga straight pa flop, mtima n'kukhala pansi, osaona kuti khadi lachinayi labweretsa sipedi yachitatu kapena lapanga peya.

Kuyang'ananso makhadi a m'manja pokhapokha flop ikabwera ndi mtundu umodzi. Aliyense wochenjera adziwa kuti mukufufuza ngati muli ndi mtunduwo. Lowezani manambala ndi mitundu ya makhadi onse anayi musanabetche koyamba, kapena yang'anani pa flop iliyonse mofanana.

Kuthamangitsa zomwe zapita. Mwalowetsa zonse muli ndi mwayi wa 60 pa 100, mwagonja kawiri motsatizana, mtima wapsa, mwayamba kulowa ndi K 9 6 2 kuti mubweze msanga. Kugonja kawiri motsatizana pa mwayi wotero kumachitika pafupifupi kamodzi pa maulendo 6 aliwonse, ngakhale simunalakwitse kanthu. Mukangodzipeza mukutsatira ndi makhadi amene ola lapitalo mukanawataya, kapena dzanja likupita m'thumba kukatenga ndalama zopitirira malire amene munadziikira, nyamukani patebulopo tsiku limenelo.